Gitala ya mafreti opendama ingapangidwe kuno ku Kopala

Amene timaonera oimba pa YouTube tinaiona kale gitala ija yooneka ngati mmisiri anaipanga ataledzera. Tizitsulo ta pakhosi pake, timene timati mafreti, n'topendama ngati zala za dzanja lotambasula, ndipo nsambo zake si 6 koma 7 kapena 8. Ambiri amangoti ndi zoseweretsa za anthu a ndalama. Ife tikuti iyi ndi nchito imene amisiri a ku Kitwe ndi ku Ndola afunika kuithamangira, ndipo ife oimba tifunika kuwalipira kuti aiyambe.

Kupendamako kuli ndi chifukwa. Nsambo yolira mawu aakulu imafuna kutalika. Ikafupika imalendewera, mawu ake n'kumamveka ngati wailesi yotha mabatire. Nsambo yopyapyala ikatalika kwambiri imauma ku zala, mwinanso kuduka. Pa gitala wamba nsambo zonse zimalingana, mainchesi 25.5 pa Fender Stratocaster ndi 24.75 pa Gibson Les Paul. Ukawonjezera nsambo ziwiri zonenepa, muyeso umodzi sukwaniranso onse. Ndiye mmisiri amatalikitsa mbali ya nsambo zonenepa mpaka mainchesi 27 kapena 28, mbali inayo n'kuisiya pa 25.5, mafreti n'kupendama kuti akumane ndi miyeso iwiriyo. Ralph Novak wa ku America analembetsa njirayi mu 1989. Lero besi ya Dingwall ya ku Canada ya nsambo 5 imayambira mainchesi 34 kufika 37, ndipo Tosin Abasi wa gulu la Animals as Leaders, mwana wa makolo ochokera ku Nigeria, amaimba ya nsambo 8 ndipo ali ndi kampani yakeyake ya magitala.

Nzeru yakuti nsambo yaitali ndiyo imabangula si yachilendo kwa ife. Opanga besi ya kalindula ku Luapula anaidziwa kalekale: ng'oma yachikopa, mtengo wautali, nsambo zochepa, woimba n'kukhala pamwamba pake. Ana a m'komboni anakula akupanga mabanjo ndi zitini komanso waya wa mabuleki a njinga. Kenako panabwera Zamrock. WITCH ya a Jagari Chanda inayambira ku Kitwe, Amanaz nayonso, ndipo mu 1975 kunatuluka Lazy Bones!! ndi Africa, zimbale zimene manje anthu amazisaka ku Ulaya ndi ku America. Ku Ndola kunali Teal, kumene ankadinda zimbale. Nyimbo tinapanga, zimbale tinadinda, koma magitala amagetsi anali ochokera kunja. Mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka zomwezo, ndalama zakunja zinasowa, zida zoimbira n'kukhala zodula maningi.

Mpaka lero tili pomwepo. Gitala yopangira iweyo mwapadera uilipira m'madola, uwonjezere ya ndege ndi msonkho, ndipo khosi likapindika amene anaipanga ali kutsidya kwa nyanja. Chopweteka n'chakuti mkati mwa pickup, kachipangizo kotola mawu a nsambo, muli waya wa mkuwa wopyapyala ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo pafupifupi 8,000 pa pickup imodzi ya Stratocaster. Mkuwa umatidutsa pamalole tsiku lililonse pa msewu wa Kitwe ndi Ndola. Matabwa a mukwa nawo timathera kupangira zitseko ndi makabati.

Komabe tisanamizane, luso lopanga kabati silikwanira. Malo a freti iliyonse amapezeka pogawa utali wotsala wa nsambo ndi 17.817, ndipo pa gitala yopendama samu imeneyi uichita kawiri, mbali iyi ndi mbali iyo. Ukaphonya milimita imodzi, gitala imanama mawu mpaka kalekale, olo uichune bwanji. Thabwa losauma bwino lidzapotoka ikangofika dzuwa la Okutobala. Chitsulo cha m'kati mwa khosi, zomangira nsambo ndi nsambo zenizenizo tidzaitanitsabe kunja. Magitala oyamba ena adzatuluka oipa, ndipo wina adzaluza ndalama.

Nanga ogula ndani? Oimba heavy metal kuno ndi ochepa, zoona. Koma lowani m'matchalitchi a ku Chimwemwe kapena ku Chifubu pa Sondo, mumve oimba besi ya nsambo 5 akulimbana ndi nsambo yapansi ija imene imangoti bwabwabwa mu sipika. Amenewo ndiwo makasitomala oyamba, ndipo besi ndiyo yoyambira. Samu ndi zitsulo angazikwanitse ophunzira a ku NORTEC ndi ku Copperbelt University. Manja odziwa thabwa alipo kale m'mashedi a makalipentala.

Chotsala ndi khalidwe lathu ife ogula. Pa intaneti timalipira mtengo wonse osatsutsa, koma kwa mmisiri wa pa Chisokone timayamba ndi "chotsaniko, bamdala", kenako tifuna katundu Lachisanu. Gitala yotere imadya miyezi, ndipo thabwa lokha lifunika nthawi kuti liume. Amene aifuna apereke theka la ndalama poyamba, alembe pa pepala miyeso imene agwirizana ndi mmisiri, ndipo pokaitenga apite ndi chuna kukayesa freti iliyonse asanamalize kulipira.