FRELIMO ndi khasu la mlimi wa ku Tete

Mlimi wa thonje kuno ku Kasenengwa akakhumudwa ndi mtengo, chaka chamawa amadzala soya kapena mtedza, palibe womugwira dzanja. Abale athu a ku Mozambique analibe mwayi umenewo m'nthawi ya Apwitikizi. M'madera ambiri thonje ankalima mokakamizidwa, mtengo n'kuikiratu boma, ndipo wolephera ankamenyedwa m'zikhatho ndi thabwa lobowolabowola. Amuna ankatengedwa kupita ku chibalo. Choncho pomwe FRELIMO, gulu lomenyera ufulu wa Mozambique, inalowa m'chigawo cha Tete mu 1968 kudzera m'Zambia muno, inapeza mitima itapsa kale. Asilikali a Apwitikizi atapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972, mkwiyowo unangokula.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo mu 1977 chipanichi chinalengeza kuti chikutsata chikomyunizimu cha Marx ndi Lenin. Ochiyamikira sanama. Pa anthu khumi, pafupifupi asanu ndi anayi sankadziwa kuwerenga, ndipo boma la Samora Machel linatsegula masukulu, n'kufikitsa katemera kumidzi komwe dokotala anali asanapondeko.

Koma boma lomwelo linachotsa mafumu pa udindo powatcha zidole za atsamunda, n'kusonkhanitsa anthu m'midzi ikuluikulu yolima pamodzi. Ife amene chaka ndi chaka timapita ku Mkaika kukalambira Kalonga Gawa Undi tikudziwa kulemera kwa zimenezi. Munthu ankasiya manda a makolo ake, mitengo ya mango imene anadzala yekha, n'kukamanga pamzere pomwe wamulozera mkulu wa chipani. Mu 1983 anthu masauzande otchedwa malova anatoledwa m'mizinda n'kutumizidwa kumadera monga Niassa.

Ena amati chinawononga zonse ndi RENAMO, gulu lomwe linkamenyana ndi boma la FRELIMO, yomwe inaleredwa ndi Rhodesia kenako South Africa. Nkhanza zake tinaziona tokha: zigawenga zinkadumpha malire n'kupha anthu m'midzi ya ku Chadiza, othawa nkhondo n'kudzaza msasa wa Ukwimi ku Petauke. Mlandu wa nkhondoyo, yomwe inatha mu 1992, waukulu uli pa iwowo. Komabe RENAMO inapeza khomo m'midzi momwe mafumu ananyozedwa ndiponso alimi anasamutsidwa mokakamiza.

Ine ndikuti FRELIMO inachita bwino kuthamangitsa Apwitikizi, koma inalakwa poganiza kuti mlimi amene anaibisa ndi kuidyetsa m'tchire sangasankhe yekha pomanga nyumba ndi polima.