Tisanafunse mtengo wa ulendo, tifunse za mabuleki

Pa tchuthi chapitachi tinakwera minibasi mu depoti ya Lilongwe, ulendo wa kwathu ku Namitete. Tinalipo atatu a pakoleji pano, zikwama zili pamiyendo. Titayandikira pa Mpingu, mayi wina anagogoda kuti atsike. Tinaona phazi la dalaivala likuponda kamodzi, kawiri, katatu ngati akupopa mjigo, ndipo galimoto inakaima kutali ndithu ndi pamene mayiyo ankafuna. Kondakitala anadumpha n'kuika mwala kunsi kwa tayala. Palibe anadabwa. Nafenso tinangoseka, ndipo mkangano wokha umene tinachita ndi kondakitalayo unali wa chenji.

Nkhaniyi yatikhala pamtima chifukwa cha zimene tawerenga za anthu othamangitsa magalimoto pa mpikisano, monga amachitira pa bwalo la Kyalami kufupi ndi Johannesburg. Ambirife tinkaganiza kuti munthu wofuna kusandutsa galimoto wamba kukhala yampikisano amayamba ndi injini. Ayi ndithu. Odziwa amayamba ndi mabuleki. Amachotsa mapadi wamba n'kuikamo opirira kutentha, amakhetsa mafuta onse a mabuleki n'kuthira osachedwa kuwira, mapaipi a mphira amawasintha ndi okutidwa ndi waya, ndipo ena amaboola njira yoti mphepo izifika kumatayala akutsogolo. Ngakhale mabuleki a disiki amene ali pa magalimoto ambiri lero anatchukira ku mpikisano: mu 1953 galimoto ya Jaguar inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, ku France, chifukwa mwa zina inkatha kuchedwa kuponda buleki pofika pokhota pamene anzake anali atayamba kale kuchepetsa liwiro.

Chifukwa chake n'chimene tinaphunzira mu Physics ku sekondale, kungoti tinaloweza kuti tikhoze mayeso basi. Buleki siimitsa galimoto mwamatsenga, imasandutsa mphamvu ya liwiro kukhala kutentha. Ndipo mphamvuyo sikwera mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Galimoto ya mabuleki abwino pa msewu wa tala wouma ikamayenda makilomita 40 pa ola imaima pa mamita pafupifupi 9, koma pa makilomita 80 imafuna mamita 35, osawerengera mamita 22 amene imadutsa pa sekondi imodzi yokha dalaivala asanasunthe phazi. Mukaonjezera anthu, matumba a chimanga ndi mbuzi kumbuyo, kutentha kumaonjezekanso. Mabuleki a magalimoto a Formula One amafika madigiri 1,000.

Tsono nafenso kwathu kuno tili ndi mpikisano wathu. Aliyense amene anayendapo mu msewu wa M12 wopita ku Mchinji amadziwa mmene maminibasi amapitirirana polimbirana munthu mmodzi woima pa siteji yakutsogolo. Akabaza a njinga zamoto a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma nawo amathamanga kuti abwerere msanga pamzere. Nafenso timasintha mabuleki, koma mobwerera m'mbuyo.

Paipi ya mafuta ikayamba kudontha pa tayala limodzi, pali amakaniko amene amangoipinda kapena kuitseka ndi msomali, galimoto n'kumayenda ndi mabuleki a matayala atatu. Poyenda pang'onopang'ono simungadziwe. Tsiku limene mwana adzathamangire mumsewu, dalaivala akadzaponda mwamphamvu, galimoto idzakokera mbali imene buleki ikugwira. Ngati lotsekedwalo ndi tayala lakutsogolo lakumanzere, idzakokera kumanja, ndipo ife amene timayenda kumanzere kwa msewu tikudziwa chimene chimabwera kumanjako.

Ena mafuta akachepa amaonjezera madzi, mwinanso a sopo. Apa mpamene pali msampha weniweni, chifukwa m'mawa pochoka pakhomo buleki imagwira bwinobwino. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 4 sawira asanafike madigiri 230, a DOT 3 madigiri 205, pamene madzi amawira pa 100. Mafutawa amayamwanso chinyezi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri ngakhale asanathe. Akawira m'mapaipi mumakhala nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Phazi limangolowa mpaka pansi. Kwathu n'kwachidikha, choncho vutoli limabisala miyezi yambiri, limadzaonekera tsiku limene lole yomweyo yanyamula achinyamata a mpingo kutsetsereka kupita kunyanja ku Salima.

Za njinga zamoto tiyenera kunena mwachilungamo. Anyamata ambiri a kabaza amaopa buleki yakutsogolo, ndipo ikaduka waya saithamangira kukonza. Mantha awo ali ndi maziko: mumchenga kapena m'matope a mwezi wa Januwale, ukaifinya mwadzidzidzi tayala limatsetsereka n'kukugwetsa. Koma njinga yomweyo ikakwera patala pa Namitete, gawo lalikulu la mphamvu yoimira lili ku tayala lakutsogololo, chifukwa poima kulemera konse kumathamangira kutsogolo. Chimene chikusowa ndi woti awaphunzitse kuifinya pang'onopang'ono, osati kuisiya yakufa. Za njinga zakapalasa zimene buleki yake ndi chidendene cha patapata tisanene zambiri, tonse tinakwerapo.

Tikudziwa yankho limene tipatsidwe, ndipo sitikulipeputsa. Zipangizo za galimoto zimachokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake sigwirika. Dalaivala ali ndi ndalama yoti akapereke kwa mwini galimoto madzulo, ndipo tsiku limene galimoto yagona ku galaja kunyumba kwake sikufuka utsi. Ambiri mwa anthuwa ndi amalume athu, alongo athu, ena timapemphera nawo. Sitikuwaona ngati zigawenga. Koma timadabwa kuona minibasi ya masipika ogwedeza chiwindi, kapena njinga ya magetsi amitundumitundu, pamene mapadi ake anatha mpaka chitsulo chikukhuza chitsulo chinzake. Ndalama inapezeka, kungoti inapita ku zooneka ndi zomveka. Ndipo mtengo wa botolo la mafuta a mabuleki suyandikira n'komwe zimene banja limataya posunga wodwala wothyoka mwendo ku St Gabriel's kapena ku Kamuzu Central miyezi iwiri, munda uli wosapalira.

Ena adzati ntchito imeneyi nja apolisi apamsewu ndi a Road Traffic amene amapereka chiphaso cha COF. Inde ndi yawo. Koma chiphaso chimanena za tsiku limene galimoto inayesedwa, msomali uja umatha kulowa sabata yotsatira. Amene amakhalapo tsiku lililonse ndife okwera.

Apa mpamene tikupempha akuluakulu a mipingo yathu. Ikafika nyengo ya misonkhano ya misasa, ukwati kapena ulendo wa kwaya, komiti imatha ola lathunthu ikunenerera mtengo wa lole, koma sitinamvepo wina akufunsa za mabuleki. Safunsa adadya phula. Kuyesa kwake sikufuna satifiketi. Wina akhale pampando wa dalaivala aponde buleki n'kuigwira theka la mphindi: ikamamira pang'onopang'ono, kapena ikamafuna kupopa, pali vuto. Asuzumire kuseri kwa tayala lililonse ngati kuli konyowa. Dalaivala ayendetse pang'ono pabwalo n'kuima mwadzidzidzi anthu asanakwere, muone ngati ikukokera mbali. Pa kabaza, kufinya kachitsulo kakumanja musanakwere n'kokwanira, n'kunena mwaulemu kuti, "Achimwene, iyi ikugwira?" Mwina akuyankhani mokalipa. Pa siteji pamakhala njinga zina.

Sitikunena kuti tikagule zipangizo za mpikisano. Mapadi ena a mpikisano sagwira bwino asanatenthe, choncho mumsewu wa kwathu angativulazenso. Chimene tikusirira kwa anthu aja ndi dongosolo lawo la kagwiritsidwe ntchito ka ndalama.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi mbali yathu. Posachedwapa tikupita kukayeserera kuphunzitsa m'masukulu a sekondale oyendera, kumene anyamata ena okhala kumbuyo kwa kalasi adzakhala pa siteji ya kabaza akangolemba mayeso a Fomu 4. Tagwirizana kuti tikafika pa mutu wa mphamvu ndi liwiro sitikangolemba masamu pabolodi. Tikatuluka nawo pabwalo la mpira ndi njinga yakapalasa, chingwe choyezera ndi phulusa lojambulira mzere, aliyense akayeze yekha pamene njinga yaima ndi buleki imodzi ndi pamene yaima ndi zonse ziwiri.