Mwana Wapeza Ntchito ya Kompyuta, Koma Akugona?

Mnyamata wina wa mumpingo mwathu atalembedwa ntchito yopanga mapulogalamu a kompyuta ndi kampani ina ya ku Lilongwe, amayi adalulutira. Amagwirira kunyumba, ku Makawa konkuno, pa intaneti. Patatha miyezi inayi tidamuyeza BP pa tsiku la zaumoyo kutchalitchi, ndipo idali yokwera ngati ya agogo ake.

Titamufunsa bwino adaulula. Magetsi akathima masana, ntchito amaibweza usiku, m'chitungu cha ku Mangochi chino, akumwa zakumwa zochotsa tulo zija. Pulogalamu ikavuta safunsa akuluakulu ake, kuopa kuoneka mbuli. Uthenga wa bwana ukabwera Lachisanu dzuwa litalowa, amayankha mobisa, chifukwa akadali pa nthawi yoyesedwa ndipo anzake ambiri a ku MUST ndi ku MUBAS akuifuna ntchito yomweyo.

Ifenso makolo tili ndi mlandu. Timafunsa za malipiro, za tulo ayi.

Lamulo la ntchito la 2000 limati maola okhazikika asapitirire 48 pa mlungu, ndipo munthu asagwire masiku opitirira asanu ndi limodzi otsatizana osapuma maola 24. Tsiku lopumalo angathe kugwirizana ndi womulemba. Choncho za Sabata azinene posaina kontirakiti, zilembedwe, asadikire kuti zivute.

Mnyamatayo tidamutumiza kuchipatala. Kalata yopempha Sabata adailemba, tidamuwerengera, koma mpaka lero sanaitumize.