Tisanapake Chatsopano pa Galimoto, Tichotse Kaye Chakale

Dzuwa la Okutobala likayamba kuswa mtengo ndipo mvula yayandikira, ambiri a ife amene tili ndi galimoto timaganiza zoteteza penti yake. Masiku ano m'masitolo a zida za galimoto mumapezeka mankhwala otchedwa sealant, ndipo ogulitsa amati amakhalitsa kuposa polishi amene tinazolowera. Sakunama ayi. Koma sealant sagwira bwino pa penti imene ikadali ndi polishi wakale. Tikangopaka pamwamba pake, ndalama zathu zimapita ndi mvula zoyambirira. Ndiye ntchito yaikulu ndi kuchotsa chakalecho, ndipo mmene timachichotsera zimakhudza penti komanso thanzi la banja lathu.

Polishi wambiri wa galimoto amakhala ndi phula la carnauba, lochokera ku masamba a mtengo wina wonga mgwalangwa umene umamera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Phulali limangokhala pamwamba pa penti. Limawalitsa bwino, koma pakatha miyezi 2 kapena 3 limakhala litafooka. Sealant ndi wopangidwa kufakitale, ndipo akamamatira pa penti penipeni amatha kukhala miyezi 6 kapena kuposerapo. Aliyense amene anamatapo pulasitala pa khungu lodzola mafuta akudziwa zimene zimachitika: pulasitalayo sachedwa kumatuka. Phula lakale ndi mafuta ake zimachita chimodzimodzi kwa sealant.

Tiyeneranso kudziwa chimene tikutetezacho. Pamwamba pa mtundu wa galimoto pamakhala penti ina yoonekera ngati galasi, imene amisiri amaitcha clear coat. Ndi yopyapyala kuposa pepala lolembapo, koma ndi imene imatchinjiriza mtunduwo ku dzuwa. Galimoto zambiri kuno kwathu zimachokera ku Japan zitayenda kale zaka zingapo, choncho penti yapamwambayi imakhala itaperepeseka kale. Ikayamba kusendeka palibe polishi amene angaibwezeretse, pamafunika kupenta mwatsopano, ndipo mtengo wake si wamasewera. N'chifukwa chake pochotsa phula timayamba ndi njira yofatsa.

Choyamba tione ngati phula lilipodi. Tithire madzi oyera pa boneti yotsuka bwino. Madziwo akamapanga timadontho tozungulira tothamanga, ndiye kuti phula likadalipo. Akamayala n'kumatsetsereka pang'onopang'ono, ndiye kuti latsala lochepa kapena latha.

Ntchitoyi tiigwire pamthunzi, penti ili yozizira, chifukwa pa chitsulo chotentha sopo amauma msanga n'kusiya mawanga. Tiyambe ndi kutsukuluza fumbi ndi madzi okhaokha, popeza fumbi likakhuzidwa ndi nsalu limakala penti ngati mchenga. Kenako tikhale ndi ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo, ina ya madzi otsukuluzira nsalu. Sopo wamadzi wotsukira mbale amadula mafuta ndipo amathandiza kuchotsa phula lofooka, koma ndi wa tsiku lokhali, osati wotsukira galimoto mlungu uliwonse. Sopo wa ufa wochapira zovala komanso sitiliwulo tisayerekeze n'komwe. Titsuke kuyambira padenga kutsika m'munsi, titsukuluze, kenako tipukute ndi nsalu yofewa ya microfibre.

Galimoto ikauma, tilowetse dzanja m'kajumbo kopyapyala n'kusisita penti pang'onopang'ono. Tikamva tokhakhala, timeneto ndi tizinyalala tokanirira, monga phula la mumsewu ndi utomoni wa mitengo. Timeneti timachoka ndi clay bar, kachinthu kofewa ngati dongo kogulitsidwa m'masitolo omwewo. Timakayendetsa mopepuka pa penti yonyowa ndi madzi a sopo. Kakagwa pansi tikataye, chifukwa katola mchenga.

Chomaliza ndi kupukuta ndi isopropyl alcohol, mtundu wa sipiriti woyera wopezeka m'mafamase ena. Tisungunule muyeso umodzi wa sipiritiyu m'miyeso 4 kapena 5 ya madzi. Tiyese kaye pamalo obisika, kenako tipukute kachigawo kakang'ono n'kuumitsa nthawi yomweyo ndi nsalu ina youma, osakhudza malabala ndi mapulasitiki akuda. Tikathiranso madzi pa boneti n'kuona kuti sakupanganso timadontho, penti yakonzeka.

Apa mpamene ena amafuna chidule, n'kutenga petulo, palafini kapena thinala. Abale ndi alongo, chidule chimenechi n'chodula. Thinala amafewetsa ndi kuwononga penti, palafini amasiya mafuta amene amalepheretsanso sealant kugwira, ndipo petulo amayaka ndi kamoto kakang'ono, ngakhale kochokera pa mbaula imene ili chapatali. Fungo la zinthuzi limapweteketsa mutu, limachititsa chizungulire ndipo limavutitsa amene ali ndi mphumu. Pakhungu zimachotsa mafuta achilengedwe mpaka manja kung'aluka.

Ngakhale isopropyl alcohol amene tatchulayu amafuna ulemu. Amayaka, ndipo ndi poizoni munthu akamwa. Tigwire ntchito pabwalo kapena m'galaja yotsegula zitseko, titavala magolovesi, kutali ndi moto. Mankhwala akagwera m'maso, titsuke ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15. Chachikulu koposa, tisasunge mankhwala alionse m'botolo la zakumwa kapena la madzi. Mwana wamng'ono sawerenga, amangoona botolo lomwe amalidziwa n'kumwa. Mwana akamwa palafini kapena petulo, tisamusanzitse, chifukwa posanza mafutawo amatha kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo choopsa. Tithamange naye kuchipatala titatenga botololo kuti adokotala adziwe chimene wamwa. Madzi otsukira nawonso tiwalondolere kutali ndi chitsime komanso dimba la ndiwo zamasamba.

Popaka sealant, wochepa ndiye wabwino. Tipake mopyapyala, tidikire nthawi imene yalembedwa pabotolo, kenako tipukute ndi nsalu yoyera. Mitundu yambiri imafuna kuti galimoto isanyowe kwa maola 12 mpaka 24 kuti mankhwalawo alimbe. Choncho ntchitoyi si ya Lachisanu madzulo, pamene tikuthamanga ndi kuphika ndi kusita kuti dzuwa lilowe titakonzekera Sabata. Tsiku loyamba la mlungu m'mawa, kumwamba kuli koyera, ndi nthawi yabwino, ndipo ana okulirapo angathandize kutunga madzi ndi kupukuta, pamene mankhwala akhala m'manja mwa akuluakulu.

Kusamala penti si kunyada. Galimoto yomweyi ndi imene imanyamula wodwala usiku kupita naye kuchipatala, imatifikitsa kumsonkhano wa misasa, ndipo tsiku lina tidzafuna kuigulitsa pa mtengo wabwino. Penti ikatha, dzimbiri limalowa. Ukapitawo umafika mpaka pa zinthu ngati zimenezi: kusunga bwino chimene Mulungu watipatsa, osaika pangozi mapapo athu kapena moyo wa mwana chifukwa chofuna kumaliza msanga. Mvula isanayambe chaka chino, tipatule m'mawa umodzi, tikonze ndowa ziwiri ndi nsalu zoyera, ndipo mabotolo onse a mankhwala tiwalembe dzina n'kuwaika pamwamba pomwe ana safika.