Mano okhomera ndi abwino, koma musathamangire kugulitsa ng'ombe



Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yathu yokondedwa ino ndilankhulepo pa nkhani imene anthu a msinkhu wanga amachita nayo manyazi, nkhani ya mano oikirira. Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito, ndipo chibwerere changa kuchokera ku Joni ndi tizitsulo tiwiri m'nsagwada, pakhomo panga sipatha alendo. Munthu amabwera ngati wongocheza, timafunsana za mvula ndi za feteleza, kenaka amatsitsa mawu nkuti, "Aphunzitsi, paja akuti mano anuwa adachita kukhomera?" Mwezi watha kudabwera mnzanga wa kalekale amene adali atayamba kale kuitanira malonda ng'ombe zake ziwiri kuti nayenso akakhometse. Ameneyu ndiye wandilembetsa kalatayi.

Mano anga adatha ndi matenda a nkhama. Adayamba kugwedera limodzilimodzi, ine nkumangopita kukazulitsa, mpaka m'chaka cha 2013 pa mano 32 aja sipadatsale ndi limodzi lomwe. Adandipangira oikirira, a m'mwamba ndi a m'munsi, ndipo zaka zoyamba ndidalibe dandaulo. A m'mwamba mpaka lero savuta chifukwa amamatirira kumwamba kwa m'kamwa. A m'munsi ndiwo nkhondo, pakuti alibe pogwira penipeni, ndipo lilime limakhalira kuwakankha.

Patapita zaka zingapo adayamba kukhwepa. Ine ndinkaganiza kuti pulasitiki wake watanuka, mwinanso wopanga uja adandipusitsa. Ndidamuchimwira munthuyo. Chimene chimasintha si manowo ayi, koma nsagwada. Muzu wa dzino ukachoka, fupa limene linkaugwira limayamba kuphwa pang'onopang'ono, monga mmene umaphwera mzere wosabandira mvula ikamagwa. Mano amene adakukwanani bwino chaka chija amasanduka ngati nsapato ya mkulu wanu. Chimanga chootcha ndidachisiya, mtedza ndidausiya, nzimbe ndiye musanene. Pa ukwati ndinkabweza nyama ponamizira kukhuta.

Tsiku limene ndidagonja lidali la maliro m'chaka cha 2022. Monga mudziwa, mphunzitsi ngakhale atapuma ndiye amapatsidwa pepala kuti awerenge mbiri ya womwalira. Ndili mkati mowerenga, mano a m'munsi adadumpha, ndipo ndidachita kuwagwira ndi dzanja pamaso pa khwimbi la anthu. Palibe adaseka, ndi pa maliro paja, koma ine ndidamva thukuta mpaka kumsana. Abusa amene mumalalikira ndi mano oikirira mukudziwa chimene ndikunena, mmene munthu amayambira kuopa mawu ena ndi kuopa kukweza mawu. Nkhani idamupeza mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo adaumirira kuti ndipite.

Tsono ndifotokoze chimene chimachitika, poti mabodza achuluka. Ena akuti amaika mano a munthu wakufa, ena akuti a nyama. Zonsezo nzabodza. Dotolo amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, nkuboola fupa la nsagwada, nkulowetsamo kachitsulo ka mazinga kotchedwa implant. Chitsulo chake ndi titanium, chimene fupa limachilandira ndi kumera mochigwira. Izi adazitulukira dotolo wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, pamene ankachita kafukufuku pa mafupa a akalulu m'zaka za m'ma 1950, ndipo munthu woyamba adamuika tizitsuloti m'chaka cha 1965. Munthuyo adakhala nato zaka pafupifupi 40 mpaka imfa yake. Choncho si zachilendo ayi, kungoti kwathu kuno zafika mochedwa.

Mwana wanga, mwa chikondi chake, ankafuna kuti andikhomere m'kamwa monse, mano osachotsanso. Dotolo atajambula nsagwada adati a m'mwamba asiyidwe mmene alili poti sakuvuta, ndipo m'munsi muikidwe tizitsulo tiwiri tokha, toti mano oikirira azigwira pamenepo monga batani lokanikiza la pa malaya a mwana. Adatiuza kuti akatswiri atakumana pa yunivesite ya McGill ku Canada m'chaka cha 2002 adagwirizana kuti imeneyi ndiyo njira yoyamba kuiganizira kwa munthu amene mano onse a m'munsi adatha. Ndidamulemekeza dotolo ameneyo, pakuti akadafuna akadatidyera zambiri.

Sindinama, moyo wanga wasintha. Ndimatafuna, ndimawerenga mawu m'tchalitchi mopanda mantha, ndipo chimanga chootcha ndidabwerera nacho. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyererezi ndizo amene amandiyendera safuna kumva.

Ntchitoyi si ya tsiku limodzi. Kachitsulo kakalowa, pamafunika miyezi itatu kapena kufika isanu ndi umodzi kuti fupa ligwire, ndipo ndi pamene amamangirira mano. Ine ndidakwera basi kawiri, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, masiku awiri munthu ali khale pa mpando, msana wa nkhalamba. Pakati pa maulendo awiriwo, mu Novembala 2023, kwacha idagwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo ndalama imene ndidasunga ya ulendo wachiwiri idangosanduka ya theka la njira. Ngakhale mutapeza dotolo wochita ntchitoyi konkuno ku tauni, zipangizo zake nzochokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata dola, osati mtengo wa ng'ombe pa msika wa kwanu.

Ndiponso si nsagwada iliyonse imene imalola. Amene wakhala zaka zambiri wopanda mano fupa lake limakhala litaphwa kwambiri, ndipo nthawi zina pamafunika kuyamba kuonjezera fupa, imene ili opaleshoni inanso ndi ndalama zinanso. Wodwala shuga amene shuga wake sadatsike bala lake limachedwa kupola. Wosuta fodya kachitsulo kake kamalephera kugwira kawirikawiri kuposa ka wosasuta. Mnzanga wa ng'ombe uja ali nazo zonse ziwiri, shuga ndi chingambwe. Nditamuuza adakwiya, nati ndikumuchitira nsanje poti ine ndapeza kale. Ndidamuyankha kuti kachitsulo kakakana, dotolo amakachotsa, koma ng'ombe sizibwerera m'khola.

China chimene anthu sadziwa nchakuti chitsulo sichibooka ngati dzino, koma nkhama ndi fupa lozungulira zimadwala ndithu munthu akapanda kutsuka, ndipo matenda ake amayenda mwakachetechete, osapweteka poyamba. Ine amene mano anga adatha ndi matenda a nkhama ndiyenera kusamala kuposa wina aliyense. Ndimatsuka tizitsuloti m'mawa ndi madzulo ndi mswachi wofewa, ndipo ndiyenera kumakaonetsa kwa dotolo chaka ndi chaka. Timphira timene timagwira pa batani paja timatha, ndipo timafuna kusintha. Pamene tanga tidayamba kukhwepa ndidazungulira mu Lilongwe tsiku lonse, pakuti makampani opanga tizitsuloti ndi ambiri ndipo zipangizo zawo sizilowana. Chidandipulumutsa ndi kakhadi kamene dotolo uja adandilembera dzina la mtundu wa tizitsulo tanga. Inu amene ana anu akukuitanani ku Joni kapena ku Mangalande, musachoke kumeneko opanda kakhadi kameneka, ndipo musananyamuke kuno funsani kuti adzakuonani ndani mukabwerako. Safunsa adadya phula.

Chimene chimandimvetsa chisoni nchakuti ambiri mwa amene amabwera kwa ine safunika kukhomera konse. Mano awo oikirira ndi a zaka khumi kapena kuposa, sadawakonzetsepo, amagona nawo usiku, ndipo m'kamwa mwafiira ndi zilonda. Mano otere dotolo akhoza kuwaonjezera m'kati kuti akwanenso pa nsagwada, kapena kupanga ena atsopano, pa mtengo wochepa kutalitali. Usiku azichotsedwa, azitsukidwa, aziikidwa m'kapu ya madzi ozizira. Madzi otentha amawapinda. Amayi ena adandiuza kuti sachotsa chifukwa amachita manyazi ndi amuna awo, amene akhala nawo zaka 40! Manyazi otere ndiwo akugulitsitsa anthu ziweto.

A Mkonzi, ndikaganiza za dzino langa loyamba kugwedera mtima umandiwawa. Nkhama zanga zinkatuluka magazi zaka zambiri, ine nkumati ndi mswachi wolimba. Palibe adandiuza kuti amenewo ndi matenda ochizika akagwidwa msanga, ndipo kumudzi kuno thandizo la dzino limene timalidziwa ndi kuzula basi. Sindikuloza chala ogwira ntchito m'zipatala, pakuti ndi ochepa. Pamene kalembera wa 2018 adapeza kuti tilipo anthu oposa 17 miliyoni, madotolo a mano m'dziko lonse lino sankafika 50. Nchifukwa chake ndidakondwa kumva kuti m'chaka cha 2019 sukulu ya zaudotolo ku Blantyre, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madotolo a mano mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow, ndi kuti mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa. Pempho langa nlakuti ana amenewa asathere m'tauni kukhomera tizitsulo anthu a ndalama, koma afike kuno kudzapulumutsa mano amene akadalipo. Nanunso abusa ndi ansembe, pa nthawi ya zolengeza mumapeza mpata wa za chitukuko ndi za katemera. Pezaniponi mphindi ziwiri zouza akhristu kuti nkhama zotuluka magazi nzofunika kupita nazo kuchipatala.

Mnzanga uja adabweranso Lachiwiri lapitali mkwiyo utatha. Tagwirizana kuti ayambe wapita kukayezetsa shuga ndi kukaonetsa mano ake oikirira ku chipatala cha pa boma, ndipo ndalonjeza kumuperekeza. Za fodya akuti aganizabe. Ng'ombe zija zikadali m'khola, ndipo imodzi akuti ili ndi bere.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza.