Pogula pikapu yakale, yambani mwagona pansi pake

Chaka chilichonse mbewu zikangolowa m'nyumba, nkhani ya galimoto imabuka m'magulu athu. Alimi a kopaletivi atopa n'kulipira hayala kuti soya ndi mtedza zifike ku Mgona. Ena akufuna chotutira njerwa ndi mchenga ku Chinsapo. Onse amagwirizana chimodzi: pikapu ya dizilo yoyendapo kale, poti yatsopano sitingaifikire. Pamenepo sinditsutsa. Dandaulo langa n'lakuti timasankha ndi maso, kuiwala kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ndinaonapo gulu lina litapereka ndalama za zaka zitatu pa pikapu yonyezimira ya mipando iwiri. Patatha miyezi inayi inali pa miyala, poti chipangizo chimene chinafa sichinkapezeka mu Lilongwe. Choncho funso loyamba lisakhale la mtengo, koma ili: ikafa, adzaikonza ndani? Musanapereke kalikonse, pitani ku Biwi mukafunse amakaniko ndi ogulitsa masipeyala. Toyota Hilux, Isuzu KB ndi Nissan Hardbody zachuluka m'misewu yathu, ndipo ozidziwa ndi ambiri. Kumbukiraninso kuti masipeyala amachokera kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake sinatisiye pabwino.

Pa injini, ine ndimakondera zakale zosavuta, monga 3L ndi 5L za Toyota. Ena adzati D-4D ili ndi mphamvu ndipo simwa mafuta ambiri. N'zoona. Koma dizilo akasowa timagula wa m'zigubu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi, fumbi kapena parafini. Injini zamakonozi sizipirira zotere, ndipo mainjekitala ake akawonongeka, phindu la chaka chonse lathera pomwepo.

Pokaona galimotoyo, tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Fikani m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa yotentha imabisa matenda. Ikaliza, yang'anani utsi. Wabuluu ukutanthauza kuti ikudya oilo, wakuda ndi mafuta osapsa bwino, ndipo woyera wosatha ungakhale madzi olowa mu injini. Utsiwu si vuto la thumba lokha. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inatsimikiza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Kenako yalani thumba pansi, gonanipo, muone chasisi. Dzimbiri lodya chitsulo, malo owotcherera ndi masipuling'i ogona ndi umboni wakuti galimotoyo inasenzetsedwa mopyola. Penti amapaka tsiku limodzi, koma chasisi chothyoka sichibwerera mwakale.

Dziwaninso malire ake. Pikapu zambiri za mpando umodzi zimanyamula pafupifupi tani imodzi. Amenewo ndi matumba 20 a makilogalamu 50, tisanawerengere dalaivala ndi otsitsa katundu. Ngolo yopanda mabuleki akeake isapyole makilogalamu 750. Tikasanja matumba 35, anthu n'kukhala pamwamba, injini ikoka ndithu, koma mabuleki ndi matayala sizinapangidwire zimenezo. Ngati katundu wanu ndi wa matani atatu, mukufunika lole yaing'ono, osati pikapu.

Mapepala nawo asakuchititseni manyazi kufunsa. Nambala ya chasisi ifanane ndi ya mu blue book. Ngati galimotoyo inalowera ku Songwe, Dedza kapena Mwanza, onani umboni wakuti msonkho wa MRA unalipidwa. Onaninso COF ndi inshuwalansi, ndipo mukasinthe umwini ku Road Traffic wogulitsa ali pomwepo. Pomaliza, musathere ndalama zonse pogula. Siyani ina ya matayala, batire, oilo ndi mafyuluta.

Chifukwa chiyani ndikulimbikira chonchi? Kwathu kuno pikapu sinyamula chimanga chokha. Tsiku lina pakati pa usiku adzagogoda pakhomo panu kuti mayi wina matenda ayamba ku Malingunde, afike msanga ku chipatala cha Likuni. Usiku umenewo palibe adzafunse za penti kapena wailesi. Chofunika chidzakhala chakuti ilire, iime mukaponda buleki, ndipo ikafike.