Ogwidwa ndi atsikana, eni malonda ali phee

Apolisi akachita chipikisheni m'malo omwera mowa ndi ogona alendo, omwe amakwezedwa m'galimoto kawirikawiri ndi amayi ndi atsikana oyendayenda. Mwini malo, yemwe amawerenga ndalama kukacha, amatsala. Munthu yemwe adakawatenga kumudzi powalonjeza ntchito, dzina lake silimveka n'komwe. Chikhalirecho, anthu awiriwa ndiwo mizati ya malondawa.

Malipoti a chaka ndi chaka omwe boma la America limatulutsa okhudza kuzembetsa anthu akhala akufotokoza momwe zimayendera m'Malawi muno. Atsikana akumudzi amalonjezedwa ntchito ya m'nyumba kapena yogulitsa m'bala. Akafika m'tauni amauzidwa kuti chipinda ndi chakudya si zaulere, ndipo malipiro ake ndi kugona ndi makasitomala. Wina amakopa, wina amanyamula, wina amasunga ndi kutolera ndalama. Umenewu ndi umbanda wa gulu, ngakhale eni ake sanyamula mfuti.

Midzi ya kwa Mfumu Yaikulu Malemia, m'chigwa cha Domasi m'boma la Zomba, ili m'mphepete mwa msewu wa M3 womwe umalumikiza Blantyre, Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Mtsikana wokwera minibasi pa Songani m'mawa akhoza kugona m'tauni yachilendo tsiku lomwelo. Minda ikakanika, monga zidachitikira m'maboma a kummwera namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023, lonjezo la ntchito limakoma m'makutu mwa makolo, makamaka wolonjezayo akakhala munthu wodziwika pamudzi.

Malamulo alipo ndithu. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 limati wozembetsa munthu wamkulu akhoza kukhala kundende zaka 14, ndipo wozembetsa mwana zaka 21. Mchitidwewu sufuna kuti munthu adutse malire a dziko. Kuchotsa mtsikana ku Domasi mwachinyengo n'kukamugwiritsa ntchito yotere ku Ndirande ndi mlandu womwewo. Kuyambira 2017, malamulo oyendetsera dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Makhoti nawo adalankhulapo kale. Mu February 2016, apolisi ku Dedza adagwira amayi 19 m'malo ogona alendo, ndipo bwalo la majisitireti lidawapeza olakwa pa gawo 146 la malamulo a milandu, lomwe limaletsa kudyera ndalama za uhule. Mu September chaka chomwecho, Justice Zione Ntaba wa bwalo lalikulu ku Zomba adafafaniza chigamulocho. Iye adati gawoli lidaikidwa pofuna kuteteza amayiwa kwa anthu owadyera masuku pamutu, osati kuwamanga iwowo.

Kumanga mtsikana kumathandiza mwini malonda. Yemwe wagonapo m'chitokosi sangabwererenso kupolisi kukanena za bwana wake, ndipo popanda mboni mlandu umafera m'mazira. Kafukufuku akalunjika pa gulu, zipatso zimaoneka. Mu 2022, nthambi ya United Nations yolimbana ndi umbanda, UNODC, idalengeza kuti mogwirizana ndi apolisi idapulumutsa anthu oposa 90 kwa ozembetsa ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa. Lipoti lake lidati amayi ndi atsikana ankagwiritsidwa ntchito zogonana mumsasamo ndi kunja komwe.

Choncho funso kwa apolisi lisakhale chiwerengero cha amayi omwe agwidwa usiku, koma eni mabala angati omwe afika kukhoti. Makhonsolo, omwe amapereka ziphaso za malo a mowa, alande ziphaso paliponse pomwe papezeka ana. Lamulo la milandu ya zachuma la 2017 limalola kulanda katundu wopezeka kudzera mu umbanda, ndipo lingagwire ntchito pano.

Kumudzi nako kuli gawo lake. Nyakwawa ndi makolo afunse dzina la bwana, malo a ntchito ndi malipiro mwana asananyamuke. Pomwe pali chikaiko, nambala yaulere ya 116, yomwe bungwe la YONECO la ku Zomba limayendetsa, ilipo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.